PAKHOMO PATHU: Za Kudya ku Hotela

Mwezi uno tifuna kukambirana nkhani imene ena adzaiyesa yaing'ono, yosayenera kulowa m'magazini ya Mpingo, ndiyo ya kudya m'mahotela ndi m'malesitilanti a m'mizinda. Taisankha chifukwa cha nyengo. Kuno ku Wimbe, ndi m'dera lonse la Kasungu, zigafa zayamba kupepuka. Mabelo akukwera malole kunka ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndipo posachedwa ndalama za thukuta la chaka chathunthu zidzakhala m'manja mwa abambo. Ndalama zikafika m'manja, njira ya ku Lilongwe imafupika modabwitsa. Munthu amene watha miyezi isanu ndi itatu osapitirira pa boma la Kasungu apeza mwadzidzidzi kuti ali ndi zifukwa zambiri zoyendera makilomita pafupifupi 130 aja, ndipo chinthu choyamba chimene mzinda umchingamira nacho ndi fungo la nkhuku yokazinga.

Tinene poyambirira kuti kudya chakudya chogula si tchimo ayi. Wapaulendo ayenera kudya, ndipo wophikira apaulendo agwira ntchito yolemekezeka. M'fanizo la Msamariya wachifundo, pa Luka 10, munthu wovulala uja anachirira m'nyumba ya alendo, ndipo mwini nyumbayo analandira malipiro ake popanda womdzudzula. Ngakhale mawu amene ife tiwatchula kuti lesitilanti ali ndi chiyambi chabwino. Anachokera ku Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi chinthu chobwezera mphamvu. Ku Paris, m'zaka za m'ma 1760, linali dzina la msuzi wa nyama umene ankagulitsa kwa anthu ofooka m'thupi, ndipo pambuyo pake dzinalo linasamukira pa nyumba yogulitsiramo msuziwo. Tsono funso lathu ndi lakuti: kodi malo amene anayamba ndi cholinga chobwezera munthu mphamvu akutibwezeradi mphamvu, kapena akutilanda ndi zochepa zimene tinali nazo?

Malo odyera ali m'magulumagulu, monga makalasi a kusukulu. Sitandade 1 ndi tiirumu ya pamsika pathu pano, m'mene munthu amwa tiyi wamkaka ndi sikono kapena mandasi, mwini wake namdziwa dzina ndi mudzi womwe, mwina mpaka kumkongoza. Pamwamba pake pali chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya, chimene masiku ano chipezeka pa siteji iliyonse kuyambira ku Mtunthama, kudzera ku Madisi ndi ku Mponela, mpaka ku Lumbadzi. M'tauni muli malo aja otchedwa chiimilire, kumene amisiri, makondakitala ndi makalaliki a malipiro ochepa adya nsima ya masana mwachangu, ndipo dzina lokhalo likufotokoza za mipando yake. Kenaka pali malesitilanti a magalasi ndi magetsi owala, monga KFC ndi anzake, kumene ulipira usanadye, nkhuku nibwera m'kabokosi ka pepala. Pamwamba pa onsewa pali mahotela aakulu, monga Capital ku Lilongwe, Mount Soche ndi Ryalls ku Blantyre, kumene ayala nsalu yoyera patebulo, nakuikira mipeni iwiri ndi mafoloko awiri ngati kuti uli ndi manja anayi.

Achinyamata a lero sadziwa kuti chitseko cha malo otsirizawa sichinali chotsegukira aliyense. M'masiku a atsamunda munthu wakuda ankalowa m'mahotela a Azungu monga wophika, wotsuka mbale kapena woperekera zakudya, ndipo kawirikawiri ankadzera kuseri. Mu Januwale 1960, pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inadzadya chamasana ku Ryalls, anthu athu anali panja pamsewu ndi zikwangwani, kufuna kuti Dr. Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, amasulidwe pamodzi ndi anzake onse a m'ndende. Apolisi analimbana nawo, ndipo mbiri yake inamveka mpaka ku London. Dr. Banda anamasulidwa mu Epulo chaka chomwecho, ufulu nufika mu 1964. Chifukwa chake mlimi wa ku Wimbe akakhala lero pa tebulo la nsalu yoyera, asakhale mwamantha monga wakuba. Mpando umenewo anthu anauvutikira, ndipo fodya amene iye alima ndiye wakhala akubweretsa ndalama zakunja zambiri koposa mbewu ina iliyonse m'dziko muno. Ali ndi ufulu wonse wokhalapo. Chimene ife tifuna ndi chakuti akhalepo ndi maso otsegula.

Manyazi ndiwo amadyetsa anthu athu ndalama m'malo amenewa koposa njala. Munthu alowa, woperekera namgwadira ndi mawu okoma, kumutchula bwana, nampatsa pepala la mayina a zakudya lotchedwa menyu. Mayinawo ndi achilendo, ena Achitaliyana, ena Achimwenye, ndipo munthu wamkulu, wolemekezeka kwawo, aopa kufunsa kuti angaoneke mbuli. Angoloza ndi chala. Chimene chibwera sachidziwa, sachikonda, sakhuta nacho, koma alipira. Abale, kufunsa ndi kudziwa njira. Werengani mtengo musanawerenge dzina. Funsani ngati mtengo wolembedwawo waphatikiza kale misonkho, pakuti m'malo ena aakulu msonkho wa VAT ndi wina waung'ono wa zokopa alendo awonjezera pamapeto. Dziwaninso kuti madzi a m'botolo amene akutsegulirani musanawapemphe si mphatso. Ngati mwaitanitsa nsima ndi chambo, pemphani madzi osamba m'manja, mudye ndi manja anu monga anakuphunzitsani amayi anu. Nsima yodya ndi foloko ili ngati moni wopatsana ndi ndodo. Bilu ikabwera, iwerengeni mzere ndi mzere monga mphunzitsi achonga masamu. Palibe munthu wanzeru amene adzakusekani pa chimenecho. Amene adya m'malo otere kawirikawiri ndiwo amawerenga bilu mosamala koposa.

Ife a choko tili ndi chizolowezi chosandutsa chinthu chilichonse samu, ndipo mutilole tikupatseni imodzi. Kwacha yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Popeza fodya amagulitsidwa m'madola, mlimi akaona pepala la kubanki apeza manambala aatali amene atate ake sanawalotepo, mtima wake nukwera. Aiwala kuti feteleza, mafuta a galimoto, sopo ndi fizi zinakwera naye limodzi. Tsono kuwerenga m'makwacha kumanyenga. Werengani m'zinthu. Tengani mtengo wa mbale imodzi ya ku hotela pamodzi ndi chakumwa chake, muugawe ndi mtengo wa ndowa ya chimanga pamsika wa kwanu tsiku lomwelo. Yankho lake ndi ndowa zimene mwameza pa ola limodzi. Mukatero chulukitsani ndi chiwerengero cha anzanu amene mwawaitana, pakuti wogulitsa fodya sadya yekha. Ali ndi abwenzi a nyengo, amene atuluka ngati inswa mvula ikagwa, nazimiririka momwemonso. Pomaliza chulukitsani ndi masiku amene mwagona m'tauni. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuithetsa samuyi, koma taona abambo a imvi akuilephera chaka ndi chaka.

Komatu nkhani ya ndalama ili pamwamba chabe. Pansi pake pali funso lolemera, lakuti analima fodya uja ndani? Madzi othirira nazale m'dzuwa la Okutobala anatunga ndani? Powokera mvula itagwa, pobandira, pothyola masamba mame ali mbuu, posoka usiku ndi nyali mpaka zala kuda bii ndi phula la fodya, posankha magiredi m'chigafa chifuwa chikuwawa ndi fumbi, kodi bambo anali yekha? Tonse tidziwa kuti mayi analipo kuyambira poyamba mpaka potsiriza, mwana ali kumsana, ndipo ana okulirapo analipo m'mawa asanapite kusukulu ndi madzulo ataweruka. Ife aphunzitsi timawaona akusinza m'kalasi mwezi wa Febuluwale, ndipo sitisowa kufunsa chifukwa chake. Nanga zitheka bwanji kuti ntchito ya manja khumi ndi awiri ithere m'kamwa m'modzi? Bambo ali ku Lilongwe, mafuta a nkhuku ali chuchuchu m'zala, pamene kunyumba adya nsima ndi nkhwani wopanda nsinjiro, namayang'ana kumsewu galimoto iliyonse ikalira.

Mtumwi Paulo anakalipira Akristu a ku Korinto pa mlandu wofanana ndi umenewu. Pa 1 Akorinto 11 timva kuti posonkhana, olemera ankayamba kudya zawo mpaka kukhuta ndi kuledzera, osauka ali ndi njala m'nyumba yomweyo, ndipo Paulo anawauza kuti potero anyoza Mpingo wa Mulungu ndi kuchititsa manyazi iwo amene alibe kanthu. Ngati zinali zoipa pakati pa anthu a mabanja osiyana, koposa kotani pakati pa mwamuna ndi mkazi amene analumbira pamaso pa Abusa kuti ali thupi limodzi? Thupi limodzi silikhuta mbali imodzi.

Ife akulu a mpingo timaona mapeto a maulendo amenewa, pakuti amafika pakhomo pathu mu Januwale. Mayi abwera m'mawa, nakhala pansi patali, nayamba ndi nkhani ya mvula, ndipo patapita nthawi anena chimene chamdzetsa: m'nkhokwe mulibe kanthu, mwana amubweza kusekondale chifukwa cha fizi, feteleza wobereketsa sanagule, ndipo bambo anyamula khasu kukagwira ganyu m'munda wa mnzawo amene anagulitsa mabelo ochepa kuposa iwo. Tikafunsa bambo za ndalama, ayankha kuti sanamwe mowa, pakuti ndi Mkristu. Ndipo nthawi zina anenadi zoona. Sanamwe mowa. Anangodya bwino masabata awiri, nagona m'nyumba za alendo, nadyetsa abwenzi, nagula nsapato ndi foni. Mpingo wathu walalikira kolimba za mowa kwa zaka zoposa zana, ndipo unachita bwino, koma za m'mimba takhala chete, ngakhale Miyambo 23 itchula wosusuka ndi woledzera pamodzi, niti mapeto a onse awiri ndi umphawi. Esau sanagulitse ukulu wake chifukwa cha chikho cha mowa. Inali mbale ya mphodza.

Anthu a ku Wimbe sitiyenera kuphunzitsidwa ndi alendo za mtengo wa chakudya. Amene tinalipo mu njala ya 2001 ndi 2002 tikumbukira mizere ya pa ADMARC kuyambira usiku, anthu akugulitsa mbuzi, njinga ndi malata a padenga pa mtengo wa kambale ka ufa, gaga atasanduka chakudya cha ulemu, makalasi athu ali pululu. Mwana wa kwathu kuno, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, analeka sukulu ya sekondale m'nyengo imeneyo chifukwa makolo ake analibe fizi. Iye anapita ku kanyumba ka mabuku ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, nawerenga, namanga makina a mphepo opangira magetsi, ndipo dziko lonse linamva mbiri yake kudzera m'buku la 2009 ndi kanema wa 2019. Timanyadira, inde. Koma tikumbukirenso anzake ambiri amene analeka sukulu chaka chomwecho osabwereranso, ndipo palibe analemba buku la iwo. Njala ija inadza ndi nyengo ndi zolakwa za akuluakulu, ndipo mlimi analibe chochita. Njala imene tikunena pano munthu aigula yekha ndi ndalama zake.

Tsono tichite chiyani? Maganizo athu ndi awa. Ndalama zisanatuluke kubanki, bambo ndi mayi akhale pansi awiri, pepala la malonda lili poyera, pakuti pepala lobisidwa ndilo chiyambi cha milandu yambiri imene imafika ku bwalo la mpingo. Apatule chopereka cha kwa Mulungu, abweze ngongole, alipire antchito amene anawathandiza, agule chimanga chofika mpaka Malichi pamene chili chotsika mtengo, agule feteleza, asunge fizi ya matemu atatu. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zikatha izi, ngati kanthu katsala, ife tinena mosabisa: pitani mukadye ku lesitilanti, koma mupite nonse. Sikufunika kufika ku Lilongwe. Pa boma la Kasungu pali malo aukhondo okwanira. Taganizani, abambo anzathu, kuti amayi ambiri a m'midzi mwathu, kuchotsa pa maliro ndi pa ukwati, sanadyepo chakudya chimene sanaphike okha chikwatiwire. Ngakhale pa maliropo ndi iwo amene ali kumoto. Tsiku limodzi pachaka mayi akhale pampando, wina amthirire madzi m'manja, wina amfunse chimene mtima wake ufuna, adye, nadzuke osatsuka mbale. Ndalama imeneyo sitiiwerenga m'gulu la zotayika. Ana nawonso aphunzira kugwira foloko ndi kuwerenga menyu ali pambali pa makolo awo, kotero kuti tsiku lina mlendo sadzawatenga mtima ndi zinthu zimene anaziona kale.

Mawu otsirizawa atifikitsa kwa inu achinyamata, makamaka asungwana amene muli kusekondale ndi ku makoleji a m'tauni. Bambo wa msinkhu wa atate anu akakuimikirani galimoto nati tiyeni tikadye tchipisi ndi nkhuku, dziwani kuti bilu ya chakudya chimenecho ili pawiri. Yoyamba alipira iye ndi ndalama pomwepo. Yachiwiri adzakutumizirani inu, ndipo sailipira ndi ndalama. Taika m'manda ana ambiri a m'kalasi mwathu m'zaka zija Edzi inali pachimake, ndipo taona ena akubwerera kumudzi ndi pathupi mayeso a Fomu 4 ali pafupi. Pofufuza chiyambi chake, kawirikawiri sitipeza chinthu chachikulu. Tipeza kambale ka tchipisi ndi botolo la chakumwa chozizira. Mwana wanga, ngati njala yakuvuta kusukulu, lembera makolo ako, uza amayi a Chigwirizano, uza mkulu wa mpingo wa kumene uli. Ndipo ife makolo tisatumize mwana wamkazi kutauni chimanjamanja ndi kuyembekeza kuti mapemphero okha amdyetsa.

Anyamata nawo ali ndi msampha wawo. Akongola ndalama, kapena adya ya fizi, kuti akajambulitse pa tebulo la hotela ndi kutumiza chithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, anzawo aone kuti zinthu zikuyenda. Anzawowo nawonso akongola kuti ayankhe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Choopsa koposa ndi chimene chimera mumtima pambuyo pake. Mnyamata abwera kumudzi pa holide, amayi ake namuikira nsima ya mgaiwa ndi chisoso, iye nakwinya mphuno. Atate ake akamchezera kutauni, achita nawo manyazi pamaso pa anzake chifukwa atafuna mokweza ndi kupempha mtanda wina. Iwe mnyamata, Chingerezi chimene uitanitsira chakudya chinagulidwa ndi manja akuda ndi phula aja.

Tisaiwale amene aima kuseri kwa tebulo. Operekera, ophika ndi otsuka mbale m'malo amenewa ndi ana athu omwe, ambiri a iwo ochokera m'midzi ngati yathu, ena ndi masatifiketi abwino a Fomu 4. Aima tsiku lonse, amwetulira ngakhale atatopa, ndipo anyamula mbale zimene malipiro awo a tsiku sangagule. Tamva ndi makutu athu munthu wovala jekete la ulemu, amene Lamulungu akhala kutsogolo m'kachisi, akuitana woperekera ndi likhweru ndi kumkalipira ngati galu chifukwa supu wachedwa. Munthu amene ndalama zamfika dzulo ndiye amakalipa koposa. Mkristu anene zikomo, afunse dzina, ndipo ngati wathandizidwa bwino asiye kangachepe m'dzanja la mwanayo. Za pemphero la pachakudya, ena afunsa ngati nkoyenera kupemphera m'lesitilanti. Ife sitiona chifukwa cholekera. Sitinena kuti muimirire ndi kuyambitsa nyimbo. Kuweramitsa mutu ndi mawu ochepa nkokwanira. Ana amene aona atate awo akupemphera kunyumba koma naleka pamaso pa anthu a matayi aphunzirapo kanthu, ndipo chimene aphunziracho nchovuta kuchichotsa.

Pali mbali inanso ya thupi lenilenilo. Kusukulu timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo mukayesa mbale ya tchipisi, nkhuku yokazinga ndi chakumwa chotsekemera pa muyeso umenewo, mupeza mafuta, mchere ndi shuga zili zochuluka, masamba ndi zipatso palibe, kupatula kakabichi kodyola kongokongoletsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno, pafupifupi mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Bungwe lomwelo lilangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera ndi papaya, zimene mwana wathu azinyoza, zipambana mayeso amene mbale ya m'kabokosi ilephera.

Ndipo pa chiwaya ndi pa chiimilire yang'anani madzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Musasambe m'beseni limodzi limene asambamo anthu khumi. Pemphani kuti akuthirireni, ndi sopo. Idyani chakudya chikali chamoto. Mafuta a m'chiwaya akada ngati oyilo wa galimoto, pitirirani. Ndipo kulikonse kumene mwadya, kaya ndi pansi pa mtengo kaya pa nsalu yoyera, chakudya chikatsala pemphani akukulungireni. Mwachilipira, ndi chanu, ndipo m'basi yobwerera ku Kasungu simudzasowa womgawira.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za maphwando a ukwati ndi ngongole zimene amasiyira mabanja atsopano. Amene muli ndi maganizo pa nkhani ya lero, makamaka inu amayi, lemberani Mkonzi.